Bambo Henry Soko, Woyimbira Maliro a Chinunu

Malemu athu, Bambo Henry Soko, anabadwa pa 9 Ogasiti 1951 m'mudzi wina waung'ono kufupi ndi Chadiza, m'chigawo cha kum'mawa. Anali mwana wachitatu mwa ana asanu ndi mmodzi. Abale awo onse anatsogola kale, iwo ndi amene anatsala kutseka khomo.

Bambo Mfumu, akuluakulu a mpingo, anamfedwa, anansi athu a kuno ku Twapia, ndi inu nonse mwachokera ku Kitwe ndi kwina: ine ndine Cyril Mbewe, mwana wa mlongo wawo wa malemu. Anali amalume anga, ndipo banja landituma kuti ndiwerenge mbiri yawo. Ena anandilangiza kuti ndiwerenge m'Chibemba kapena m'Chingerezi kuti aliyense amve. Ndakana. Malemu ankapemphera m'chinenero chino, ankayimba m'chinenero chino, ndipo akapsa mtima ankakalipa m'chinenero chomwechi. Amene wakhala pafupi ndi mnzake wosamva, amunong'oneze.

Mwaona nokha kuti Misa yonse yatha popanda nyimbo ngakhale imodzi. Inu ochokera kutali mwina mukudabwa, chifukwa kwaya ilipo. Yakhala apo kudzanja lamanja, itavala yunifolomu yake, mabuku ali pamiyendo. Ndikuuzani chifukwa chake kuti pasakhale manong'onong'o. Malemu anayimitsidwa m'kwaya mu 2017, ndipo amwalira asanabwezeretsedwe. Komiti ya kwaya yatiuza kuti iwayimbira nyimbo yotsanzika ndi kuwaperekeza kumanda pokhapokha banja litapepesa m'malo mwawo, pamaso pa anthu onse, mkati mwa mbiri ino. Tikapanda kupepesa, bokosi lituluka mwachinunu, ndiye kuti popanda woyimba, monga mmene amatulukira maliro a munthu amene mpingo wamukana. Nyimbo yotsanzika imene akutimanayo anaipeka ndi malemu omwe agona apawa. Akazi awo, Mayi Juliana Soko, amene akhala pambali pa bokosi, sanadye chakudya chodziwika kuyambira pamene anamva mawu amenewa. Yankho la banja ndili nalo, koma ndilipereka ndikamaliza, kuti nonse muyambe mwamva amene tikumunenayu anali ndani.

Malemu anayamba sukulu mu 1959 pa sukulu ya mishoni ya kufupi ndi kwawo, ndipo anamaliza pulayimale mu 1966. Anakhoza bwino, koma sanapite ku sekondale chifukwa chaka chomwecho bambo awo anamwalira ndipo munda unasowa wolima. Pa mishoni pomwepo ndi pamene anaphunzira kuyimba limba, lija lopopa ndi mapazi. Katekisiti amene ankaliyimba anali atatupa maondo, ndiye ankawakhazika pansi kuti azipopa ndi manja pamene iye akukanikiza pamwamba. Akupopa choncho, maso awo anali pa zala za katekisitiyo. Pofika zaka khumi ndi zisanu ankayimba Misa yonse okha.

Mu 1970 anatsatira mkulu wawo ku Kitwe, nalowa ntchito mu mgodi. Ankayang'anira mapampu otulutsa madzi pansi pa nthaka, ntchito imene anaigwira zaka makumi awiri mphambu zisanu ndi zinayi. Ankakhala ku Wusakile. Masiku amenewo anthu ochokera kum'mawa anali ndi Misa yawo ya m'Chinyanja, ndipo malemu atangofika anapatsidwa kwaya ya Misa imeneyo. Kunalibe limba. Anagula akodiyoni yakale kwa mnzawo amene ankabwerera kumudzi, naikonza ndi zikopa za nsapato, ndipo imeneyo ndi imene ambiri a inu mwakhala mukuimva m'misewu ya Twapia.

Pa 20 Sepitembala 1975 anamanga ukwati woyera ndi Mayi Juliana Mvula a ku Katete. Mulungu anawadalitsa ndi ana anayi: Pauline, Samson, Moses ndi Lillian. Mu 1984 Moses anamwalira ndi chikuku ali ndi zaka zitatu. Malemu sanalire pamaso pa anthu. Anabwerera ku ntchito, ndipo pansi pa mgodi, pakati pa phokoso la mapampu, pamene panalibe wowamva, anapeka nyimbo yotsanzikira mwana wawo. Anayamba kuiphunzitsa kwaya ya ku Wusakile chaka chotsatira. Lero imayimbidwa pa maliro onse a parishi ino, ndipo ena anaimasulira m'Chibemba. Achinyamata ambiri amaganiza kuti inabwera ndi amishoni. Sinabwere ndi amishoni. Inachokera m'chifuwa cha munthu amene mwamukhalira chete uyu.

Mu 1999, pamene migodi inkasintha eni, malemu anachotsedwa ntchito pamodzi ndi anzawo ambiri. Mu 2000 banja linasamukira kuno ku Ndola, ku Twapia, kumene abale a Mayi Juliana anali ndi malo. Malemu ankakonza mapampu a zitsime ndi kukhoma mbaula, Mayi ankagulitsa kapenta ndi nyemba pamsika. Sanalemere, koma ana onse anamaliza sukulu.

Atafika m'parishi ino anapeza kwaya ya amayi achikulire ochepa, opanda choyimbira, amene ankayamba nyimbo aliyense pa mawu ake. Malemu anayenda khomo ndi khomo kufunafuna achinyamata. Pano sindinama, chifukwa tili m'nyumba ya Mulungu: amalume anali mphunzitsi wovuta. Ankamenya benchi ndi ndodo munthu akaphonya, ankabwereza mzere umodzi mpaka pakhosi pauma, ndipo atsikana ambiri analirapo pa maphunziro awo. Munthu akachedwa ankamuyimitsa pakhomo mpaka nyimbo ithe. Koma kwaya imene yakhala apoyi, imene imabwera ndi zikho kuchokera ku mipikisano, inamangidwa ndi ndodo imeneyo. Palibe mwa akuluakulu ake amene angaimirire lero n'kunena kuti anaphunzira kwina.

Mmodzi mwa amene anaphunzitsidwa ndi Bambo Abednego Zimba, wapampando wa komiti ya kwaya. Ndikuwatchula dzina chifukwa nkhani ino sindingainene popanda iwo. Anafika ku Ndola mu 2002 akufunafuna ntchito, ndipo anagona pabalaza pa a Soko mpaka anaipeza. Mayi Juliana ankawachapira shati yopitira kukafunsa ntchito. Malemu anawaphunzitsa kiyibodi pamene parishi inagula yoyamba. Lero amagwira ntchito ya mu ofesi, amakhala ku Northrise, ndipo amabwera ku Misa pa galimoto. Tinkakondwera nawo, chifukwa tinkawaona ngati mwana wa pakhomo.

Mu 2003 kwaya inasoketsa yunifolomu yoyamba, shati yobiriwira ngati thambo ndi siketi kapena buluku lakuda. Chaka chomwecho panakhazikitsidwa lamulo loti yunifolomu isavalidwe pa msonkhano uliwonse umene mpingo sunavomereze. Lamulo limeneli analiganiza ndi malemu, ndipo banja silikana. Analiganiza chifukwa anyamata ena ankatuluka m'tchalitchi n'kulunjika ku bala asanavule, ndipo ena ankatengedwa pa lole kukayimba pa misonkhano ya ndale. Limenelo ndilo linali cholinga. Ndikupemphani mulikumbukire cholinga chimenecho pamene ndikufika pa chaka cha 2017.

Kuyambira mu 2001 malemu analowa m'gulu losamalira odwala kunyumba. Inu amene munalipo mukudziwa mmene zaka zimenezo zinalili, pamene pafupifupi nyumba iliyonse inali ndi munthu wogona pamphasa. M'gulumo munali amayi okhaokha, ndipo abambo odwala ankachita manyazi kusambitsidwa ndi akazi a eni. Malemu anatenga ntchito imeneyo. Ankamanga beseni, sopo, thaulo ndi lezala kumbuyo kwa njinga, n'kumazungulira Twapia yonse mpaka ku Kantolomba. Ankasambitsa, ankameta ndevu, ankatembenuza amene ali ndi zilonda za pamsana, ankanyamula odwala pa njinga yomweyo kupita nawo ku kiliniki. Ana a m'misewu ankawathamangira akufuula kuti Ba Beseni afika, ndipo iwo ankayankha kuti amene sanasambe lero ayandikire. Pamene kolera inavuta m'dera lino, iwo ndi amene anatsogolera amuna kufukula ngalande. Sanafunsepo wodwala kuti amapemphera kuti. Ntchito imeneyi anaigwira mosalipidwa kwa zaka zoposa makumi awiri, mpaka thupi lawo lomwe linakana.

Tsopano ndafika pa mlandu wawo.

Panali mtsikana dzina lake Nelia Sakala. Amayi ake, Mayi Dora Sakala, ali muno, ndipo andilola kuti nditchule dzina la mwana wawo. Nelia ankayimba m'kwaya ino ali wachitsikana, ndipo ndi iye amene ankatsogolera nyimbo yotsanzika pa maliro, chifukwa mawu ake ankafika kumapeto kwa manda popanda chokuzira. Atakula anakakhala ndi mwamuna amene anali ndi mkazi kale. Anasiya kulandira masakramenti, anasiya kubwera ku mphakati, umene kuno ambiri mumautcha citente, ndipo pambuyo pake ankaphika kachasu ku Kantolomba kuti adyetse ana. Mwamunayo anamwalira. Nelia naye anadwala kwa nthawi yaitali. Malemu ndi amayi a gulu losamalira odwala ndi amene ankapita kwa iye. Ali pafupi kutha, anapempha aphunzitsi ake chinthu chimodzi, kuti asadzapite kumanda ngati galu, koma adzamuyimbire nyimbo ija ankaitsogolera. Malemu anavomera.

Nelia anamwalira mu Febuluwale 2017. Mphakati unakhala pansi n'kugamula kuti maliro ake ayenda mwachinunu, ndipo kwaya inauzidwa kuti isapite. Malemu anapempha, anakanizidwa. Tsiku loika maliro kunali mvula. Anthu amene analipo akunena kuti lole yonyamula bokosi itanyamuka panyumba, panalibe phokoso lina koma la injini ndi kulira kwa Mayi Dora. Pamenepo malemu anatulukira, atavala shati ya kwaya yosita bwino, akodiyoni ili pachifuwa, ataifunditsa pulasitiki. Anakana kukwera lole. Anayenda pansi kumbuyo kwake, m'matope, akuyimba okha. Podutsa pamsika amayi ena anasiya malonda n'kulandira nyimbo. Pofika kumanda anthu oyimba anali ambiri kuposa amene anachokera panyumba.

Ena anawafunsa pambuyo pake chifukwa chake sanangovala jekete wamba, kuti mlandu usakhalepo. Anayankha kuti Nelia sanapemphe munthu wodutsa m'njira, anapempha mphunzitsi wa kwaya yake, ndipo ana ake amasiye ankayenera kuona ndi maso kuti mayi wawo anali wa kwinakwake.

Sabata yotsatira komiti inawaitana. Bambo Zimba, amene anali atasankhidwa kukhala wapampando mu 2014, ndi amene anatsogolera. Anthu amene anali m'chipindamo andiuza mawu ake, ndipo sanasiyane ponena. A Zimba anati, "Ba Soko, lamuloli munalipanga ndinu. Tikakulekererani inu, mawa wina aivala ku bala, ndiye tidzamuuza chiyani?" Malemu anati, "Udzamuuza kuti bala si manda." Anauzidwa kuti aimirire pamaso pa kwaya yonse n'kupepesa, nkhani ithe. Iwo anafunsa kuti apepese kwa ndani, popeza amene anamuyimbirayo sanadandaule. Potuluka anagwira phewa la wapampando n'kunena kuti, "Abednego mwana wanga, iwe usade nkhawa. Ukadzafa ine ndilipo, ndidzakuyimbira, ndipo sindidzafunsa kumene unkagona." Tsiku lomwelo anayimitsidwa mpaka atapepesa.

Ndikufuna mumvetse bwino, makamaka inu alendo. Malemu sanaletsedwe masakramenti. Sanabe, sanachite chigololo, sanamenye munthu, sananyoze guwa. Anavala shati ndi kuyimbira mtsikana wakufa. Mlandu wonse ndi umenewo. M'kwaya yomweyi mwadutsa milandu ina imene Twapia yonse ikuidziwa, imene inatha ndi kuseka pansi pa mtengo kuseri kwa tchalitchi. Sindiitchula chifukwa tili pa maliro. Eni ake akuidziwa.

Kuyambira 2017 malemu ankakhala pa benchi yomaliza, pafupi ndi chitseko. Sanajombe Misa. Kwaya ikamayimba ankangogwedeza milomo, ndipo ikathamangitsa nyimbo ankagogoda bondo lawo ndi chala kuti aibweze, ngakhale panalibe wowayang'ana. Mayi Juliana anavutika koposa. Amayi anzawo a mumpingo ankawafunsa pamsika kuti amuna anu aja adakaumabe mutu. Kangapo konse anawadandaulira amuna awo kuti angopepesa, chifukwa ankaopa tsiku ngati la leroli. Malemu ankawayankha kuti, "Amake Pauline, ndikapepesa ndiye kuti ndamufukula Nelia n'kumuikanso mwachinunu."

Zaka zimenezo ndi zimene anthu anayamba kuwaitana pa maliro amene mipingo yakana. Sanavalenso shati ya kwaya, ankavala jekete lawo lakuda. Anayimbira zidakwa, anayimbira mnyamata amene anadzimangirira, anayimbira dalaivala wachilendo amene anafera panyumba ya alendo popanda wachibale, anayimbira anthu a mipingo ina amene abusa awo anawakana. Kawirikawiri ankayenda okha ndi akodiyoni, nthawi zina ndi amayi awiri atatu. Ndikudziwa kuti ena a inu mwakhala kumbuyoko, ndi inu mwaimirira panja pa mawindo, mwabwera chifukwa cha zimenezi. Takuonani.

Mu 2022 malemu anapezeka ndi matenda a shuga. Mu Julayi 2023 anadwala sitiroko, ndipo dzanja ndi mwendo wa kumanja zinafooka. Akodiyoni inapachikidwa pakhoma. Mwana wawo Pauline anawatengera ku Garneton, kumene ali ndi malo olima, kuti akapume, koma patapita miyezi yochepa anaumirira kubwerera ku Twapia, akuti kumeneko sakumva belu la tchalitchi chawo. Amayi ndi abambo a gulu losamalira odwala, amene malemu anawaphunzitsa kutembenuza wodwala, ndi amene ankabwera kudzawatembenuza iwo.

Kwaya ili ndi chizolowezi chopita kukayimbira membala wodwala kunyumba kwake. Chizolowezi chimenechi anachiyambitsa ndi malemu. Pa zaka ziwiri zimene anagona, kwaya sinapondepo pakhomo pawo. Atsikana ena awiri ankabwera mobisa, ndipo sinditchula mayina awo kuti asavutike nazo. Bambo Zimba anabwera kamodzi, mu Epulo 2024. Mayi Juliana ataona galimoto yawo anathamanga kukasesa pabalaza, poganiza kuti mwana wabwerera. A Zimba anapereka moni kwa wodwala ataimirira, kenako anafotokoza chimene anadzera. Kwaya inkapita ku mpikisano, mnyamata wina watsopano analibe shati, ndipo ya Ba Soko inkangokhala m'sutikesi. Malemu sankalankhula bwino nthawi imeneyo. Analoza sutikesi ndi dzanja lamanzere. Mayi anapempha kuti ayambe aichapa ndi kuisita, ndipo anakaipereka okha Lamlungu lotsatira. Shati imeneyo ili muno lero. Mnyamata amene waivala mwina sakudziwa mwini wake, ndipo iye sitikumuimba mlandu.

Kumayambiriro kwa mwezi uno shuga inakwera kwambiri ndipo anagonekedwa m'chipatala chachikulu kuno ku Ndola. Bambo Mfumu anapita kukawadzoza mafuta a odwala, ndipo analandira Ukaristiya ali ndi nzeru zawo zonse. Anamwalira pa 11 Novembala 2025, ali ndi zaka makumi asanu ndi awiri mphambu zinayi, Mayi Juliana ndi Lillian ali pambali pawo.

Uthenga wa maliro utafika ku mphakati, mphakati unavomera zonse. Bambo Mfumu, amene anabwera m'parishi ino nkhani ya 2017 itachitika kale, anavomera Misa mosazengereza. Komiti ya kwaya ndi imene inatumiza anthu awiri pasiwa kudzanena zimene ndakuuzani poyamba zija. Bambo Mfumu anawaitana n'kuwadandaulira. Iwo anayankha kuti kwaya ili ndi malamulo ake, ndipo akafewetsa pano sadzathanso kulanga wina aliyense. Bambo Mfumu anatiuza moona mtima kuti angathe kutsegula tchalitchi, koma sangathe kutsegula pakamwa pa munthu.

Banja silinagwirizane msanga, ndipo sindibisa. Samson anati tingopepesa. Mawu ake anali oti, "Amayi, ndi mawu chabe, adadi sakumva, chofunika apite bwino." Lillian anati akamva mawu opepesa atuluka m'tchalitchi. Pauline ankangolira. Onse anatembenukira kwa Mayi, chifukwa manyazi a maliro a chinunu amatsalira wamasiye. Ndi iwo amene adzabwerera pamsika, ndi iwo amene adzakhala pa benchi ya amayi Lamlungu.

Ndiye mverani chimene Mayi anachita. Nonse mukudziwa mwambo wathu, kuti mkazi wamasiye sachoka pasiwa mwamuna wake asanaikidwe. Amakhala pansi, pamphasa, anzake atamuzungulira. Dzulo m'mawa Mayi Juliana ananyamuka pamphasapo, amayi akuwaletsa, nakwera minibasi ndi Pauline mpaka ku Northrise. Mayi wa zaka pafupifupi makumi asanu ndi awiri, maso otupa, mpango wakuda kumutu, anaimirira pa geti ya munthu amene ankagona pabalaza pawo. A Zimba atatulukira, Mayi anagwada pa simenti. Anati, "Abednego, sindinadzere Henry, iye wapita. Ndadzera ine. Usandichititse manyazi." A Zimba anawadzutsa mwaulemu, ndithu, anawapatsa madzi akumwa, nawauza, moyamba ndi liwu laulemu lija la Chibemba, kuti, "Mukwai, si ine ndekha, ndi komiti. Mawu awiri okha, Mayi, kwaya yakonzeka kale." Kenako anapepesa kuti akuchedwa ku ofesi.

Mayi anabwerera pasiwa. M'mawa uno, tisananyamuke, anandiitana n'kundiuza chimene ndinene. Ndichinena posachedwa.

Malemu asiya akazi awo, Mayi Juliana Soko. Asiya ana atatu: Pauline wa ku Garneton, Samson wa ku Kitwe, ndi Lillian amene amakhala nawo kuno. Asiya adzukulu khumi ndi mmodzi ndi zidzukulutudzi ziwiri, komanso ife ana a alongo awo, amene anatilera ngati awo pamene makolo athu anamwalira.

Banja likuthokoza Bambo Mfumu chifukwa cha Misa, mafuta a odwala, ndi kuyesetsa kwawo. Likuthokoza anamwino ndi madokotala amene anawasamalira mpaka mapeto. Likuthokoza gulu losamalira odwala kunyumba, limene linasambitsa malemu ali moyo ndiponso atamwalira. Likuthokoza amayi a pamsika amene akhala akuphika pasiwa, a mphakati wathu amene abwera ndi nkhuni ndi ufa, ndi akuluakulu opuma ntchito a ku mgodi amene abwera kuchokera ku Wusakile ndi ndodo zawo. Likuthokoza anyamata a ku Kantolomba amene anafika okha ndi makasu, osaitanidwa, kudzakumba manda. Likuthokoza Mayi Dora Sakala, amene sanachoke pambali pa Mayi Juliana kuyambira tsiku loyamba. Ngati pali gulu limene silinamve dzina lake, lisaganize kuti ndaiwala.

Tsopano yankho. A komiti ya kwaya, Bambo Zimba, mverani, ndipo ndilankhula pang'onopang'ono kuti pasadzakhale wonena kuti sanamve. Mawu a Mayi Juliana ndi awa: "Ndinamupempha Henry kuti apepese kwa zaka zisanu ndi zitatu, anakana ali ndi pakamwa pake. Sindingamupepesetse lero pakamwa patatsekedwa. Ndagwada kamodzi, zakwana."

Banja la a Soko silipepesa. Samson, amene anali ndi maganizo ena, wagwirizana ndi amayi ake.

Koma malemu satuluka muno mwachinunu. Nyimbo ayambitsa ndi Mayi Juliana eni ake. Sanayimbepo m'kwaya moyo wawo wonse. Malemu ankawaseka kuti mawu awo Mulungu anawapangira kuitana ogula kapenta, ndipo Mayi sankatsutsa. Mwina ayamba pamwamba kwambiri, mwina mawu awathera pakati pa mzere. Pasakhale woseka. Amene mukuidziwa nyimboyo, m'Chinyanja kapena m'Chibemba, muilandire pamene iwo alekezera.

Kwa inu mamembala wamba a kwaya, amene ena mwa inu ndikukuonani mukulira, banja lilibe nanu mangawa. Komiti yanu yakuletsani kuyimba mutavala yunifolomu. Amayi a pamsika aika zitenje padengu pakhomo paja, ndipo akuluakulu a ku mgodi akuti majekete awo ndi aakulu mokwanira. Amene akufuna, afunde pamwamba n'kutsatira bokosi. Amene sakufuna akhale pomwepo ndi mabuku awo, sitimukoka. Bambo Zimba, njira ya kumanda ku Kantolomba mukuidziwa. Mukafuna kubwera, palibe akuletseni, koma muyende kumbuyo.

Amalume, Bambo Henry Soko, ntchito yanu mwaimaliza. Ambuye amene munawatumikira akulandireni, ndipo mzimu wanu uuse mumtendere wosatha.

Abambo a gulu losamalira odwala, yandikirani munyamule bokosi. Lillian, Pauline, agwireni amayi anu mikono. Mayi, imirirani. Tikukudikirani.